Mafinya akale a m'chifuwa ndi khansa ya lymphoma

FUNSO: Bambo anga, a zaka 71, anadwala chifuwa chachikulu akugwira ntchito kumigodi, ndipo m'chifuwa chawo munatsalira mafinya kwa zaka zambiri. Tsopano panthiti patuluka chotupa cholimba. Adokotala akuti ndi lymphoma, khansa ya maselo oyera a magazi, yokhudzana ndi kachilombo ka EBV. Kodi TB ija yasanduka khansa? Nanga adzukulu awo angatengere? Wowerenga wa ku Mufakose, Harare.

YANKHO: Pepani ndi matendawa. TB sisanduka khansa. Vuto ndi mafinya okhalitsawo.

Kachilombo ka Epstein-Barr, kapena EBV, kanapezeka mu 1964 ndipo kamafala kudzera m'malovu. Mwa akuluakulu 10 alionse, oposa 9 ali nako. Kamabisala m'maselo oyera a magazi otchedwa B, ndipo chitetezo cha m'thupi chimakapanikiza moyo wonse. Koma mafinya akatsekeredwa pakati pa mapapo ndi nthiti, pamapangika chikhungwa chokhuthala, ndipo m'katimo mumachuluka zinthu monga IL-10 zimene zimafooketsa chitetezo pamalo pomwepo. Maselo okhala ndi EBV amaswana popanda chowaletsa mpaka ena kusanduka khansa, kawirikawiri patatha zaka zoposa 20. Madokotala a ku Japan anafotokoza mtundu umenewu wa lymphoma mu 1987. Umathanso kuyamba pafupa lokhala ndi mafinya osatha kapena pachilonda chosapola chapamwendo, ngakhale sizichitikachitika.

Adzukulu musawatalikitse kwa agogo awo. Khansayi sipatsirana.

Chimene chimatidandaulitsa kwambiri n'chakuti odwala otere amapatsidwanso mankhwala a TB chifukwa zizindikiro zimafanana: kutentha thupi, thukuta lonyowetsa zofunda usiku, kuwonda. Miyezi 6 imatha chotupa chikukulabe. Ngati makina oyezera TB a GeneXpert sanapeze TB ndipo wodwala sakupeza bwino, pemphani kuti adule kachidutswa ka chotupacho akakapime. Kungokoka timadzi ndi singano yopyapyala nthawi zambiri sikukwanira. Pakachidutswako ndi pamene amayeza EBER, yosonyeza ngati EBV ali m'maselo a khansayo.

Lymphoma iyi imakula msanga, choncho musazengereze. Kuno ku Harare chithandizo cha khansa chimapezeka kuchipatala cha Parirenyatwa. Mankhwala ofala ndi R-CHOP, operekedwa pa masiku 21 alionse, kawirikawiri maulendo 6, ndipo ena amawonjezera radiotherapy, yomwe ndi kuwotcha chotupa ndi cheza champhamvu. Asanayambe, bambo ayezedwe HIV, mtima ndi matenda a chiwindi a hepatitis B. Rituximab, yemwe ndi "R" wa mu R-CHOP, amatha kudzutsa hepatitis B wobisala n'kuwononga chiwindi, ndiye akapezeka naye ayambe kumwa tenofovir kapena entecavir diripi yoyamba isanaikidwe.