Kodi uphungu wongochezawu umathandizadi? Yankho kwa mayi a ku Santhe

Ndalandira imelo kuchokera kwa mayi ena a ku Santhe konkuno ku Kasungu. Akuti amuna awo chibwerereni ku Chinkhoma komwe fodya wawo anagulidwa motchipa, sakugona, nsima akungoitola pang'ono, tsiku lonse ali duu pakhonde. Abambowo apita kwa mlangizi wa za maganizo katatu koma palibe chasintha, ndiye akufunsa kuti zochezazi zimachizadi kapena akungotaya ya thiransipoti?

Mayi, funso lanuli akatswiri anakanganapo kalekale. Mu 1952 Hans Eysenck analemba kuti ambiri amachira okha ngakhale osaonana ndi mlangizi, mkangano unabuka, mpaka mu 1977 Smith ndi Glass anasonkhanitsa makafukufuku 375 n'kupeza kuti olandira uphungu amapezako bwino kuposa osalandira. Ndiye kuthandiza kumathandiza ndithu. Kungoti si njira iliyonse imayanja aliyense, komanso katatu n'kochepa.

Chomwe ndikufuna mugwiritsitse ndi ichi. Mlangizi naye ndi munthu, amatha kuona ngati zikuyenda pomwe wodwala akulowa pansi, makamakatu azibambo athuwa amene ukawafunsa amangoti "ndilipo, palibe vuto" uku mtima ukuwawa. Michael Lambert wa ku America anaonetsa kuti mlangizi akamayeza munthu ulendo uliwonse ndi mafunso olembedwa, amazindikira msanga amene sakusintha n'kusintha njira zisanafike poipa. Monga ku sikelo ya ana basi, sitiyang'ana mwana ndi maso n'kunena kuti wanenepa, timamupachika n'kulemba pakhadi. Pali pepala lotchedwa PHQ-9, mafunso 9 okhudza masabata awiri apitawo, za tulo, chakudya, kutopa, kudziona wolephera, ndipo mapointi ake amayambira 0 kulekeza 27. Funsani ngati abambo akuyezedwa. Nambala ikapanda kutsika maulendo angapo, nenani poyera, si mwano ayi.

Ineyo ndikuona ngati chikuwadya abambowa ndi ngongole ya feteleza, ndiye kuwafunsa za ubwana wawo sikungawafike pamtima. Ku Zimbabwe Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench, agogo ophunzitsidwa amakhala ndi munthu pabenchi maulendo 6, kusankha vuto limodzi, kuligawa tizidutswa, n'kugwirizana choti achite sabata imeneyo, ndipo kafukufuku wa 2016 anaonetsa kuti zimagwira. Ena imawayanja njira ina ya uphungu yotchedwa CBT, yowongola kaganizidwe, ena amafunika mapilitsi pamwamba pa uphungu. China, afunseni abambo ngati amamasuka naye mlangiziyo, poti kumvana kwa awiriwo n'kofunika zedi, mwina angamasuke kwa bambo mnzawo.

Koma akangoyamba kunena zoti bola kufa, musadikire tsiku la uphungu. Bisani tameki ndi mankhwala opopera fodya, musawasiye okha, itanani achimwene awo muwatengere ku chipatala cha boma tsiku lomwelo, mukafunse namwino woona za matenda a maganizo.