Mulungu sakufuna kuti bambowo atayike, musamvere zimenezo

Achemwali, ndawerenga zimene mwalemba za amuna anu amene ali kunja kwa mpingo, mtima ukugunda. Wakuuzaniyo kuti mwina amuna anu Mulungu sanawasankhe kuchokera pachiyambi, mtundu wake ndikuudziwa bwino.

Ine achimwene anga anamwalira mu June 2019 kwathu kufupi ndi Lizulu, nthawi ya chisanu cholowa m'mafupa chija. Ankamwa kachasu, sindikana, ndipo anali atadulidwa kumpingo zaka zitatu. Koma usiku womaliza kuchipatala anandigwira dzanja n'kuti "ndipempherere", milomo itauma gwa, ine ndikuwanyowetsa ndi kansalu. Amen anayankha okha.

Ndiye pamaliro! Adzukulu akumba kale, bokosi lili pamphasa pakhomo pa siwa, mayi anga ali pansi afunda chitenje kumutu. Mkulu wa mpingo wina anaimirira n'kulengeza kuti pano nyimbo palibe, uyu sanali wosankhidwa, Mulungu anamusiya kalekale. Mayi anangoti "Mayo ine!" n'kugwa chafufumimba. Tinapita kumanda chete, kumangomveka mapazi. Munthu yemweyo pobwera anakhala pansi n'kudya nsima ya pamaliro, ndiwo mpaka kupempha zoonjezera. Matumba awiri a kachewere amene anakongola kwa malemuwo sanabweze mpaka lero. Wosankhidwa ameneyo!

Anthuwa amakonda Aefeso 1:4 ndi Aroma 9, za Yakobo ndi Esau. Zilimodi m'Baibulo. Nanga amadumphiranji 1 Timoteo 2:4, pamene akunena kuti Mulungu afuna anthu onse apulumuke? Pa Ezekieli 33:11 Mulungu akuchita kulumbira pali moyo wake kuti sakondwera ndi imfa ya woipa, afuna abwerere. Pa 2 Petro 3:9 akuti kuchedwa kwake n'kuleza mtima, safuna wina awonongeke. Wachifwamba wa pamtanda uja, pa Luka 23, chakhumi anapereka liti? Kalasi analowa kuti?

Komabe musakangane nawo akuluwo. Ine mkulu wa pamaliro uja ndinamulalatira pamaso pa amfumu, ndipo chaka chathunthu sindinaponde kutchalitchi. Inu musatero ayi. Bambowo muwanyengerere akaonane ndi abusa, abwezeretsedwe akadali ndi mphamvu, ngakhale zitanthauze kukagwada kwa anthu omwewo. Zolapa pabedi lachipatala sizodalira, ena minibasi imangowawomba pa M1 osanena ngakhale liwu limodzi. Mayi anga mpaka pano akamva kwaya pamaliro a eni amachoka n'kukakhala kuseri kwa nyumba.