Dimba la ndiwo pakhomo la nyumba yakale

Nyengo yozizira ikamatha, ambiri amafulumira kugwira khasu. Mafunso otsatirawa achokera kwa anthu okhala m'nyumba zomangidwa kalekale.

Mayi wina afunsa: "Alangizi, m'mbali mwa khoma la nyumba yathu mumafunda, dothi lakenso ndi lakuda bwino. Ndibzalemo ndiwo zamasamba?"

Mayi, pamenepo ndiye ndikukanizani. Penti wa nyumba zakale nthawi zambiri ankakhala ndi mtovu, chitsulo chapoizoni chija pa Chingerezi amati lead. Ku United States analetsa penti wa mtovu pa nyumba zokhalamo mu 1978, ndipo mayiko ena anachita kuchedwa. Penti wotereyu akamakanganuka pa makoma, pa zitseko ndi pa mawindo, amagwera pansi n'kusakanikirana ndi dothi. Mtovu suwola. Umakhala m'dothi lapamwamba zaka zambirimbiri, ndipo simungaudziwe ndi maso kapena ndi mphuno, ngakhale mbewu zitakula mosangalatsa. Amene umawavulaza kwambiri ndi ana aang'ono ndi mwana amene ali m'mimba, chifukwa umasokoneza kakulidwe ka ubongo.

Njira yaikulu imene umalowera m'thupi ndi fumbi ndi dothi lomatirira pa masamba, pa mizu ndi m'manja. N'chifukwa chake letesi, sipinachi ndi kaloti zimandidetsa nkhawa kuposa tomato kapena nyemba zoyanga pa mitengo. Dimba litalikirane ndi khoma mamita osachepera 3. Ngati n'kotheka, tumizani dothi kukapimitsa ku labotale. Malo akakhala ochepa, mangani mabedi okwera masentimita 30, yalani nsalu yolimba pansi, ndipo muthiremo dothi lochokera kwina losakaniza ndi kompositi. Koma chonde, musamangire mabediwo matabwa opentedwa amene mwachotsa pa nyumbayo. M'mbali mwa khomamo bzalani kapinga kapena maluwa kuti ana asamaseweretse dothi lake. Ndiwo muzitsuka bwinobwino, kaloti muzisenda, ndipo nsapato za kudimba zizitsala pakhomo.

Bambo wina akuti: "Dzuwa layamba kutentha masana. Ndiwokere tomato tsopano?"

Dekhani, bambo. Dzuwa la masana limanamiza, chifukwa dothi limachedwa kufunda. Nsawawa, letesi, sipinachi ndi anyezi zimamera ngakhale dothi lili pa madigiri 5 mpaka 10 a Celsius, koma tomato, tsabola ndi nkhaka zimafuna lifike cha pa 15 kapena kuposa, ndipo chisanu cha usiku umodzi chimazimaliza. Musanayambenso kugaula, finyani dothi m'dzanja. Likaumbika n'kukana kuyoyoka mukalikhudza ndi chala, lidakali lonyowa, ndipo mukalilima litero lidzauma zibuma zimene zidzakuvutitsani nyengo yonse. Mbande zimene munafesera m'nyumba pa windo muzizitulutsa panja pang'onopang'ono kwa sabata imodzi kapena kupitirira, kuyambira pamthunzi, musanaziwokere. Onaninso mitengo. Pakhomo pakale pamakhala mitengo ikuluikulu, ndipo malo amene lero akuwala adzaphimbika masamba akaphuka. Ndiwo zobala zipatso zimafuna dzuwa la maola 6 kapena kuposa pa tsiku.

"Nanga phulusa limene ladzaza nyengo yonse yozizira, ndithire m'dimba?" akufunsa agogo ena.

Thirani, agogo, koma pang'ono, mongowaza. Phulusa la nkhuni lili ndi potaziyamu ndi kashiamu, ndipo limachepetsa asidi m'dothi. Likachuluka, mbewu zimalephera kuyamwa zakudya zina ngakhale zilimo. Musalithire pamene mukubzala mbatatesi, chifukwa limalimbikitsa matenda a nkhanambo pa khungu lake. Ngati pamoto munaponyapo matabwa opentedwa, matabwa othiridwa mankhwala kapena malasha a pansi pa nthaka, phulusa limenelo lisafike m'dimba kapena pa mulu wa kompositi.