Musanyamuke madzulo, ife tinagona pa Van Reenen mwana atauma m'manja

Achimwene, zonyamuka ku Durban madzulo mu July ndi ana m'galimoto kuti mukafike ku Blantyre msanga, chonde zisiyeni. Ndangowerenga zimene mwalemba za ulendowu mtima wanga wayamba kugunda, chifukwa ine ndinachita zomwezo ndipo mwana wanga anangotsala pang'ono kutisiya pamsewu. Ndiye ife sunali July ayi, unali September, aliyense akunena kuti chisanu chatha, majekete titalongedza kale.

Linali Lachisanu pa 20 September 2024. Tinkapita kumudzi ku chinkhoswe, ine, mayi akunyumba, mwana wathu wa zaka 3 ndi alamu anga. Alamuwo ndi amene anakakamira kuti tinyamuke 4 koloko madzulo, ati tidutse Joni usiku kulibe magalimoto ambiri, kukacha tili ku Musina, pafupi ndi boda ya Zimbabwe. Anadzazanso galimoto mpaka kudenga, mapoto, zikwama, mabulangete akuluakulu aja anayi opita kwa apongozi. Ndinakangana nawo pa mabulangetewo kuti galimoto yakhala pansi, iwo osamva. Petulo ndinali ndi theka la thanki. Pa Mooi River ndinati tithire, iwo amvekere tisataye nthawi, tikathira ku Harrismith. Ndinawamvera.

Mvula inatipeza ku Pietermaritzburg, yowaza ngati chiperoni cha ku Thyolo. Titadutsa tolugeti ya Tugela n'kuyamba kukwera chitunda cha Van Reenen, mawaipa anayamba kukankha zinthu zoyera zolemera. Inali sinowo. Mukudziwa pamenepo msewu umakwera kupitirira mamita 1,600, ndipo mathiraki ochokera ku doko amakhala ndondondo. Ndinayatsa hita kuti galasi liyere, kunatuluka mphepo yozizira ngati ya mufiriji. Ndinapotoza uku, ndinapotoza uku, palibe. Mayi akunyumba ankapukuta galasi ndi chitenje ine ndikuyendetsa, matayala akumbuyo akutsetserekera kumbali. Cha m'ma 9 koloko thiraki ya kutsogolo kwathu inaima, ya kumbuyo inaima, basi. Tinachoka pamalo amenewo Loweruka masana.

Poyamba tinkati ndi ngozi chabe, achotsa. 11 koloko inakwana, 1 koloko inakwana. Sinowo inakwirira boneti, chitseko cha mbali yanga chinakana kutseguka. Injini ndinkailiza pang'ono kuti batire isafe n'kuzimitsa, chifukwa singano ya petulo inali itatsika kale pansi pa kota, ndipo popanda hita kuiliza kunalibe phindu kwenikweni. Mpweya wathu womwe unkaundana pagalasi mkati, ukakanda ndi chikhadabo n'kumagwa tizidutswa. Ine ndinavala malaya ndi kajuzi kopyapyala, alamu anali ndi masilipasi kuphazi. Chakudya chinali buledi mmodzi, nkhuku yootcha theka ndi botolo la Fanta. Foni yanga inathima yokha ndi kuzizira ili pa 20 peresenti.

Mwana analira kuyambira 10 koloko mpaka cha m'ma 2. Kulira kuja ndinkadandaula nako, koma chimene sindidzaiwala ndi pamene anasiya. Anangoti zii. Mayi ake anamugwedeza, kumutchula dzina, iye n'kutsegula maso pang'ono n'kutsekanso. Ndinayatsa getsi la m'galimoto, milomo yake inali itachita bii, timanja tozizira ngati mwala wa m'mtsinje, ndipo sankanjenjemeranso. Pambuyo pake a nesi anatiuza kuti munthu wozizidwa akasiya kunjenjemera n'kuyamba kuwodzera, pamenepo ndiye zafika poipa. Mayi akunyumba sanalire ayi. Anangoti, "Bambo ake, ng'ambani mabulangete aja." Ndinang'amba mapulasitiki ndi mano chifukwa zala zinali zitauma, zosagwira kanthu. Anamuvula mwana zovala zachinyezi, anamulowetsa m'kati mwa bulauzi thupi kukhudza thupi, ife n'kuwafunditsa mabulangete onse anayi. Ndinkamva mayi akuyimba nyimbo ya kutchalitchi pansipansi m'mabulangetemo, mawu akuduka.

Ndinatulukira chitseko cha alamu. Sinowo inandifika m'mawondo, nsapato zinadzaza nthawi yomweyo. Ndinagogoda magalimoto atatu, awiri sanatsegule, ndipo sindiwada, aliyense anali ndi mantha ake. Pa thiraki yachitatu dalaivala anatsitsa galasi, ine ndikulankhula Chizulu chothyokathyoka, pakati ndinangopezeka ndanena kuti mwana wanga akufa. Bamboyo anayankha m'Chinyanja, "Mubweretseni kuno mwamsanga." Anali wa ku Zambia, kwawo ku Chipata, akupita ku Lusaka. Anatenga mayi ndi mwana n'kuwaika pabedi la kumbuyo kwa mipando, hita ikuyaka, anawiritsa tiyi wa shuga wambiri pa kasitovu kake ka gasi. Cha m'ma 5 koloko mwana analira, kulira kwamphamvu kofuna chakudya. Ndinakhala pa sitepe ya thirakiyo ndikulira nanenso. Ndalama imene ndinawapatsa bambowo anakana, nambala yawo sindinatenge chifukwa foni inali yakufa, mpaka lero zimandiwawa. Tinamva pambuyo pake kuti mayi wina amene anali m'minibasi pamsewu womwewo wa N3 anamwalira ndi kuzizira kumeneko.

Tsopano hita ija. Titafika ku Harrismith ndinapita pa garaja, makaniko anatsegula boneti n'kundiitana kuti ndione. Mapaipi awiri opita ku hita anali atadulidwa n'kulumikizidwa okhaokha ndi kachitsulo, ndipo m'rediyeta munali madzi apampopi, opanda ngakhale dontho la antifreeze, mankhwala oletsa madzi kuundana. Anachita zimenezi ndi makaniko wathu wa ku Durban, Mmalawi mnzathu, munthu amene timapemphera naye, amene ndinamulipira sabata imeneyo kuti aone galimoto yonse chifukwa ndikuyenda ulendo wautali ndi mwana. Anaona kuti hita ikudontha, m'malo mondiuza anangoidula mwakachetechete n'kulandira ndalama yonse, kuphatikizapo ya antifreeze. Nditamufunsa anati, "Aaa achimwene, kumudzi kotentha hita ya chiyani?" Osapepesa n'komwe! Dzina sinditchula pano, koma zimandipweteka kumuona akuimika manja Lamulungu. Alamu nawonso mpaka lero amakamba nkhaniyi ngati nthano yosangalatsa pa mowa, osakumbuka kuti petulo ija anandiletsa ndi iwo.

Ndiye inu, nyamukani m'mawa kuli mbee, Van Reenen mudutse dzuwa lili pamutu, mukagone ku Joni kwa abale. Musananyamuke yatsani hita nokha, ikani dzanja pamene pamatulukira mphepo, musamve za makaniko. Antifreeze athire inu mukuona. Thanki isatsike theka, paliponse pamene mwaona pothirira thirani. Onani zanyengo dzulo lake, ndipo akangoti kugwa sinowo ku mapiri a Drakensberg, kumene kuli Van Reenen, khalani pansi, chinkhoswe chichitike popanda inu. Ngakhale kusagwe kanthu, m'mawa wa July ku Harrismith ndi Warden madzi amaundana pa phula, msewu umaoneka wonyowa chabe koma ukaponda buleki galimoto imapita kwake. Potsika gwiritsani giya yaing'ono, ndipo musamamatire kumbuyo kwa thiraki.

Galimoto musaidzaze ngati mmene anachitira alamu, yolemera imavuta kuimitsa poterera. Koma mabulangete tengani ambiri, ndipo akhale pampando, osati pansi pa katundu m'buti. Fulasiki ya tiyi, madzi, mtedza, mabisiketi, power bank, zipewa ndi masokosi a ana. Mukatsekeredwa musatuluke m'galimoto kumayenda mumdima, anthu amasochera kapena kugundidwa. Ndikudziwa ine ndinatuluka ndipo n'zimene zinapulumutsa mwana, koma ndikanakhala ndi hita sindikanasuntha. Injini muziiliza mphindi 10 pa ola lililonse, muyambe mwaona kuti ekizozi sinatsekeke ndi sinowo, galasi limodzi mutsitse pang'ono, chifukwa mpweya wa poizoni wa mu utsi wake sununkha ndipo umapha anthu ali m'tulo.

Kuyambira Polokwane kupita kumtunda sinowo iwalaniko, koma usiku wa pa boda ya Beitbridge mu July umaluma, ana mukawaimika pamzere avale zokwanira. Pamenepo pokha ndingati fikani usiku kwambiri kapena mbandakucha, boda imagwira ntchito maola 24 ndipo ife tinapeza mzere waufupi nthawi imeneyo. Msewu wa Masvingo mpaka Harare, kenako Nyamapanda, Tete, Zobue ndi Mwanza, yendani masana basi, ng'ombe ndi abulu amagona pa phula. Ife ku Mwanza tinalowa Lachiwiri, chinkhoswe chitatha kale, mabulangete a apongozi akununkha chinyezi, mwana akutsokomola mpaka tinayamba tadzera naye kuchipatala tisanafike kunyumba.