Timibulu tanu sitinawonongeke, tinasungunuka n'kubadwanso

Achimwene, mwati mankhwala a glutamic acid amene munasungunula m'madzi otentha anaundana kukhala timibulu tonenepa, koma mutasiya botolo usiku wonse munapeza tisingano tokhatokha. Simunalakwitse chilichonse, ndipo m'botolomo simunalowe zinyalala.

Mankhwala amodzimodzi angathe kuundana m'njira zingapo, malinga ndi mmene ma molecule ake (tizigawo take tating'onoting'ono kwambiri) asanjikirana. Njerwa zake n'zomwezo, chasiyana ndi kamangidwe. Amenewa ndiwo amati ma polymorph. Timibulu tanuto ndi mtundu wotchedwa alpha, tisinganoto ndi mtundu wotchedwa beta.

Pamene ambiri timasokonezeka ndi apa: timaganiza kuti kambulu kamapindika pakokha n'kusanduka singano. Ayi. Madzi akamazizira, kawirikawiri umayamba kuundana ndi mtundu wofulumira, ngakhale uli wosakhazikika. Katswiri wa chemistry Wilhelm Ostwald analemba zimenezi mu 1897. Tsono alpha ndiye wofulumira koma wosakhazikikayo, ndipo amasungunuka mosavuta kuposa beta, yemwe ndi wokhazikika. Beta akangomera, nthawi zambiri pamwamba pa timibulu ta alpha tomweto, amayamba kuyamwa mankhwala otsala m'madzi n'kumakula. Mankhwala akachepa m'madzimo, alpha amasungunuka kuti abwezeretse, beta n'kuyamwanso. Zimapitirira choncho mpaka alpha atheretu. Ntchito yonseyi imadutsira m'madzi, n'chifukwa chake mukanasefa n'kuumitsa madzulo omwewo, bwenzi timibulu tanu tilipobe.

Mukafuna alpha, ziziritsani msanga ndipo sefani msanga, chifukwa kutentha kumafulumizitsa kusinthaku. Mukafuna beta, ponyanimo tisingano pang'ono ngati mbewu. Mafakitale amakonda alpha, poti tisingano timavuta kusefa.

Ndipo musaione ngati nkhani ya mu labu yokha. Ritonavir, amene amapezeka m'ma ARV ena, kampani ya Abbott inayamba kumugulitsa mu 1996 ikudziwa mtundu umodzi wokha. Mu 1998 munatulukira wachiwiri, wokhazikika kwambiri koma wovuta kusungunuka, moti thupi silikanaulandira bwino. Makapisozi anachotsedwa pamsika kwa kanthawi. Chimene chimandidabwitsa ine n'chakuti mtundu watsopanowo utangoonekera, wakale uja unavuta kuupanganso, poti kafumbi kochepa chabe kankakwanira kukhala mbewu.

Mukabwereza, tapani dontho ola lililonse muliike pa microscope. Mudzaona tisingano tikumera pamsana pa timibulu.