Kwa mayi amene akugulitsa nyumba ku Mahébourg

Achemwali, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati amuna anu ndi a ku Mauritius, malemu bambo awo anasiya nyumba ku Mahébourg, mwakhala mukuitsatsa miyezi 8 koma palibe amene wabwera ndi ndalama, ndipo ejenti akuti mudikire Okutobala 2021 azungu akayamba kutsika ndege. Mukufunsa ngati mutsitse mtengo kapena mupirire. Ine ndili pachilumba pano chaka cha 6 tsopano, ntchito yanga ndi yowerengera ndalama, ndipo zaka ziwiri zoyamba ndinkachita lendi ku Mahébourg komweko. Ndiyankha motalika, amene atope adumphe.

Ndiyambe ndi mawu a ejentiyo, chifukwa andipsetsa mtima pang'ono. Azungu amene akukuuzaniwo sangagule nyumba yanu ngakhale ataikonda chotani. Kuno kuli lamulo la mu 1975 loletsa munthu amene si nzika kugula malo kapena nyumba wamba popanda chilolezo cha boma. Alendo ali ndi khomo lawolawo. Amagula m'mapulojekiti amene boma linavomereza, omwe anayamba ndi IRS mu 2002, kenako RES, ndipo kuchokera 2015 akutchedwa PDS, kapena amagula fulati m'nyumba yosanjikiza kawiri pamwamba pa ya pansi, pamtengo wosachepera marupi 6 miliyoni. Wogula nyumba ya madola 375,000 kupita m'mwamba amalandira chilolezo chokhala m'dziko muno, ndipo asanatsitse mu 2020, malire ake anali madola 500,000. Zimenezo ndi nyumba za m'mipanda ku Grand Baie, Tamarin ndi Rivière Noire, za mlonda pageti ndi dziwe losambiramo kuseri. Mitengo imene mumaona pa intaneti n'kuyamba kulota nayo ndi ya msika umenewo. Nyumba ya apongozi anu ili pamsika wina, ndipo misika iwiriyi sikumana.

Wogula wanu ndi munthu wa pachilumba pompano: mphunzitsi, namwino, kapitawo wa kuhotela, kapena mwana wa kuno amene amagwira ntchito ku France kapena ku England ndipo akufuna pofikira akadzapuma ntchito. Ndiye funso loti mudzifunse ndi lakuti anthu amenewa thumba lawo lili bwanji lero.

Thumba ndi lobooka, achemwali. Mu 2019 kunabwera alendo odzaona malo pafupifupi 1.4 miliyoni, kuposa chiwerengero cha eni dziko. Mu 2020 anangopitirira pang'ono 300,000, ndipo ambiri mwa iwo anabwera malire asanatsekedwe mu Malichi chifukwa cha mliri wa Covid-19. Chuma cha dziko chinatsika ndi pafupifupi 15 peresenti chaka chimenecho. Kampani ya ndege ya Air Mauritius inaperekedwa m'manja mwa oyang'anira makampani ogwa mu Epulo. Mu 2020 ndi 2021 boma linkathandiza kulipira malipiro a ogwira ntchito m'mahotela, inde, koma munthu wa kuhotela sadalira malipiro okha. Amadalira owonjezera a ovataimu ndi kangachepe kamene alendo amasiya patebulo, ndipo zonsezo zinauma. Rupi nayo inafooka: dola imene tinkagula pa marupi 36 kumapeto kwa 2019 inadutsa 42 mu 2021, ndipo pachilumba pamene mpunga, ufa wa tirigu, mafuta ndi mankhwala zimabwera pasitima, zimenezi zimamveka mumphika tsiku lomwelo. Munthu wotere akapita ku banki kukapempha ngongole ya zaka 25, a banki amayang'ana kalata ya malipiro, n'kuona dzina la hotela, n'kumuuza kuti abwerenso.

Ku Mahébourg nkhonya zinali ziwiri. Pa 25 Julayi 2020 sitima ya Wakashio inakwera miyala ya m'nyanja ku Pointe d'Esny, pafupi ndi tauniyi, ndipo pa 6 Ogasiti inayamba kutaya mafuta, matani pafupifupi 1,000. Ndinapitako kumapeto kwa sabata imeneyo kukaona mayi amene ndinkachita lendi kwawo. Fungo linkakulandira usanatsike basi. M'mbali mwa nyanja munadzaza anthu akusoka matumba ataliatali, akuikamo masamba ouma a nzimbe ndi mabotolo apulasitiki kuti aziyandama n'kutchinga mafutawo, ena akumeta tsitsi lawo kuti aikemo. Mwana wa mayiwo, yemwe ali ndi boti lotengera alendo ku Blue Bay, anali chikhalire pakhonde, manja akuda bii, osayankhula. Botilo linali litakhala kale miyezi 4 osagwira ntchito chifukwa cha mliri, ndiye kunabweranso chiletso chopha nsomba m'dera lonselo. Nyanja pano yayera, koma amene amafunsa za nyumba kumeneko funso lawo loyamba likadali la mafuta. Muzikonzekera kuliyankha mosabisa.

Ndinapitakonso mwezi watha, Lolemba, tsiku la msika waukulu. Ndiwo zamasamba zikugulidwa, pamzere wa chakudya cha dholl puri anthu alipo, koma amayi ogulitsa madengu ndi nsalu za alendo angokhala, ena ayamba kugulitsa tomato. Moyo sunaime, unangochepa.

Tsopano za Okutobala. Ndi zoona kuti kuyambira pa 15 Julayi 2021 alendo obayitsa katemera ankaloledwa kulowa, koma ankakhala masiku 14 m'hotela osatuluka, ndipo boma linati pa 1 Okutobala 2021 litsegula kwathunthu. Zimenezo zidzakuthandizani, koma mozungulira ndiponso mochedwa. Mlendo ayambe wagona m'hotela, woperekera zakudya abwerere pantchito, abweze ngongole za kugolosale ndi za achibale, a banki aone miyezi ingapo ya malipiro athunthu, ndiye adzayambe kuyang'ana nyumba. Kuganiza kwanga, umenewo ndi ulendo wa chaka kapena kuposerapo. Amene akukuuzani kuti Novembala mudzakhala mutagulitsa akungofuna kuti chikwangwani chake chisachoke pageti.

Chimene simunatchule, ndipo ndi chimene chikundidetsa nkhawa kuposa mtengo, ndi ichi: amuna anu anabadwa okha? Malamulo a chuma cha masiye kuno anachokera ku France, ndipo ana onse ali ndi gawo limene ngakhale wilo singawalande. Ngati alipo anayi, nyumbayo ndi ya anayi, ndipo notaire, yemwe ndi loya wolemba za kugulitsana malo, salemba kanthu mpaka onse atasaina. Nyumba yoyandikana ndi kumene ndinkakhala inapeza wogula, mtengo anagwirizana, mpaka anamwerana tiyi. Atafika kwa notaire kunapezeka kuti mlongo wawo wina ali ku Australia, sanatumize kalata yopereka mphamvu kwa m'bale wake kuti amusainire, ndiponso ankakhulupirira kuti abale akewo akumudyera masuku pamutu. Miyezi inapita akukokana pafoni, wogula anatopa n'kukagula ku Rose Belle. Nyumbayo ilipobe, mawindo anachita dzimbiri. Ndiye musanakambe zotsitsa mtengo, khalani pansi ndi alamu anu onse. Pezani chikalata cha umwini, chikalata cholumbira chosonyeza olowa m'malo a malemu, ndi nambala ya malo imene amati PIN, yomwe imatuluka kudzera kwa woyeza malo. Ngati nyumbayo ili pafupi kwambiri ndi madzi, funsaninso ngati nthakayo ndi yanu. Kachigawo ka mamita pafupifupi 81 kuchokera pamene madzi amalekezera, kotchedwa Pas Géométriques, m'malo ambiri ndi ka boma, ndipo okhalamo ali pa lizi chabe. Kugulitsa kwake ndi nkhani ina.

Muwerengerenso zimene zidzachoke pa ndalamazo. Wogulitsa amalipira msonkho wa 5 peresenti, wogula amalipira 5 peresenti yake yolembetsera, ndipo ejenti kawirikawiri amatenga 2 peresenti kwa aliyense. Ngati mukufuna kutumiza ndalamazo kunja, a banki adzakufunsani mapepala mpaka mutatopa. Chokoma chinalipo chimodzi: bajeti ya mu Juni 2021 inalonjeza kubwezera nzika yogula nyumba 5 peresenti ya mtengo wake, mpaka marupi 500,000, m'chaka cha boma cha 2021/22.  

Ndiye mutsitse kapena mudikire? Ngati pali ngongole imene ikubereka chiwongoladzanja mwezi ndi mwezi, kapena banja likufuna ndalama ya chipatala, tsitsani kamodzi, mooneka, ndipo amene wabwera ndi kalata ya banki yomuvomereza ngongole musamubweze chifukwa cha kusiyana kochepa. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Kutsitsa pang'onopang'ono mwezi uliwonse ndi koipa kwambiri pamalo ang'ono ngati ano, pamene woyendetsa takisi ndi msuweni wa ejenti ndipo ejenti amapemphera limodzi ndi wogula. Tauni yonse idziwa kuti mwapanikizika, ndipo aliyense azingodikira kuti mutsikenso.

Ngati palibe chokuthamangitsani, ine ndikanachotsa chikwangwanicho n'kuikamo banja la kuno pa lendi ya chaka chimodzi, ngakhale yotsika. Nyumba ya m'mphepete mwa nyanja ya mchere siikhala yotseka. Mphepo ya kum'mwera chakum'mawa imene ikuomba miyezi ino imalowetsa mchere paliponse, maloko amauma, zitsulo za m'mawindo zimatupa, makoma amachita nkhungu m'milungu yochepa. Madenga ambiri kuno ndi a konkire yafulati, ena ali ndi zitsulo zotulukira m'mwamba podikira kuti mwana adzamange yake pamwamba, ndipo madzi akapeza mng'alu amatsata zitsulozo mpaka m'chipinda. Nyengo ya anamondwe imayamba Novembala. Munthu wokhalamo amatsegula mawindo m'mawa ndipo amakuimbirani foni denga likayamba kudontha.

Chilichonse chimene musankhe, tumani munthu akwere padengapo mwezi uno mvula isanayambe, amate ming'alu n'kupaka mankhwala otchinga madzi. Mundiuzenso kuti alamu anu alipo angati ndipo ali kuti, chifukwa ngati wina ali kunja, kalata yake yosainira iyenera kuyamba kuyenda sabata ino.