"Adzalankhula yekha", mawu amene sindifuna kuwamvanso

Mayi wina andilembera kuti mwana wawo wamwamuna wapitirira zaka 2, mawu amene amatchula sakwana 10, ndipo achibale akuti adekhe. Akufunsa ngati apite naye kwa katswiri wothandiza ana kulankhula, komanso zomwe angamachite naye pakhomo.

Amayi, kalata yanu yanditosa pachilonda. Mwana wanga wachiwiri anali wotero. Akafuna madzi ankangondikoka dzanja n'kuloza, kwinaku akuti "aa, aa". Aliyense anali ndi yankho lake. Ena ankati ana aamuna amachedwa, ena ankati mlongo wake amamulankhulira zonse. Wina anamutsegula kukamwa n'kugamula kuti lilime ndi lomangika, ndipo dzina la Einstein, wasayansi wotchuka amene anthu amati anachedwa kulankhula, ndinalimva mpaka kutopa nalo. Pamene tinakamuyezetsa makutu, anapeza madzi kuseri kwa nembanemba ya m'khutu, otsalira pambuyo pa chimfine chobwerezabwereza. Mwana ankamva ngati munthu amene ali pansi pa madzi. Komatu chitseko chikamenyeka ankatembenuka, n'chifukwa chake onse ankalumbira kuti amamva bwino. Kumva phokoso la chitseko n'kosiyana ndi kumva timawu tofewa ngati "s" ndi "f".

Ndiye ndinene mosabisa: uphungu woti "dikirani" ndi woipa. N'zoona kuti ana ambiri ochedwa amadzalankhula bwinobwino. Koma palibe agogo, aneba kapena ine amene angayang'ane mwana n'kudziwa kuti uyu ali m'gulu limenelo. Mwana wa zaka 2 amayembekezeka kukhala ndi mawu pafupifupi 50 ndi kuyamba kulumikiza awiri, monga "amayi bwera". Akafika zaka 3, ngakhale mlendo azimva zambiri zomwe akunena. Wanu ali kumbuyo. Mukapita naye n'kupezeka kuti alibe vuto, mwataya tsiku limodzi lokha.

Zoti mwana amachedwa kulankhula akamamva zilankhulo ziwiri pakhomo, chonde musamvere. Sizichedwetsa mwana. Powerenga mawu ake muziphatikiza a zilankhulo zonse, ndipo ngati amati "bebe" nthawi zonse akaona mbuzi, amenewonso ndi mawu. Musasiye chilankhulo chanu n'kumamulankhula chimene inuyo mumachita chosakasaka.

Chimene chimandikwiyitsa kwambiri ndi mavidiyo otchedwa ophunzitsa. Mu 2019 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linalangiza kuti mwana wosakwana zaka 2 asamakhalitsidwe pa foni kapena TV, ndipo wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi patsiku. Foni imalankhula koma siyankha. Mu 2018 ofufuza a ku mayunivesite a MIT ndi Harvard ku America anapeza kuti kusinthana mawu, mwana kunena wamkulu kuyankha, kumagwirizana kwambiri ndi mmene mbali ya ubongo yoona za chilankhulo imagwirira ntchito, kuposa kungochuluka kwa mawu amene mwanayo amamva. Sindikuweruza aliyense, inenso ndimadziwa ntchito ya foni mayi akafuna kukasamba.

Katswiri amene anatithandiza anandidabwitsa. Ndinkaganiza kuti azimupinda lilime kapena kumubwerezetsa zilembo. Iye anangokhala pansi ndi tigalimoto n'kukhala chete. Mwana akakankha kagalimoto, katswiriyo amati "vuuu, yapita!" kenako chete, nkhope ikudikira. Chete ameneyo ankanditalikira kwambiri. Koma m'menemo ndi momwe mwana wanga anayamba kuti "pita". Katswiriyo anatiuza kuti akuluakulufe timasandutsa kucheza kukhala mayeso: "ichi n'chiyani? nena mpira, nena!" Mwana akapanikizidwa chotero amangotseka pakamwa. Ntchito yaikulu ya katswiriyo inali kuphunzitsa ife makolo, popeza ndife amene timakhala ndi mwana tsiku lonse.

Zochita pakhomo

Khalani pansi, nkhope zanu zilingane, ndipo sewerani chomwe iye wasankha. Tchulani zomwe akuchita m'mawu ochepa, kenako muwerenge chamumtima kufika 10 musanalankhulenso. Akati "mpira", inu muti "mpira wagwa". Akatchula molakwika musamudzudzule, ingobwerezani molondola. Musamupatse chinthu asanapemphe, muonetseni ziwiri: "kapu kapena mpira?" Poimba nyimbo imene amaidziwa, imani mawu omaliza asanafike. Buku la zithunzi silifuna kumalizidwa, akakakamira tsamba limodzi khalani pomwepo. Posamba ndi povala ndi nthawi yabwino chifukwa mawu ake amabwerezeka tsiku ndi tsiku.

Koma muyambe ndi kumuyezetsa makutu, kenako katswiri. Ndipo ngati saloza zinthu kuti akuonetseni, satembenuka mukamuitana dzina, kapena wasiya kunena mawu amene ankanena kale, muuzeni dokotala zimenezo sabata yomwe ino.